Osangalala Apite ku Fumbi

Muar, 10 Febuluwale 2019

Amake Wulan,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, mwana wathu Wulan ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lija limene limandikumbutsa zaka zanga m'mawa uliwonse. Mlongo wanu Sarmin alinso bwino, masaya atuluka. Akugwirabe ntchito pambali panga m'chipinda cholumikizira mipando, kumene kulibe fumbi, monga ndidakulonjezani tsiku lija pokwera basi kwathu ku Kebumen. Chifikireni kuno mphumu yake sinamugwirepo.

Musadabwe kuti ndabwerera ku pepala. Pa foni timangofunsana za mvula, chifukwa kumeneko amayi amakhala ali pambali panu, ndipo kuno Sarmin amagona bedi la pansi pa langa. Munthu sangalankhule zenizeni makutu atamuzungulira.

Ndatumiza kangachepe. Mukonzetse denga la kukhitchini mpunga wa m'matumba usananyowe, ndipo mbuzi yaikazi ija musaigulitse, ngakhale ogula abwere ndi mawu okoma bwanji.

Ku fakitale sabata ino kunali zachilendo. Azungu amene amagula mipando yathu alamula kuti eni fakitale afunse antchito onse ngati ali osangalala. Ndiye kunabwera mtsikana wa ku ofesi, Cik Syahirah, msinkhu wake ngati Wulan wathu, atanyamula chifoni chachikulu ngati mbale. Poyamba umadina dziko lako, zaka zako, kaya ndiwe mwamuna kapena mkazi, ndi chipinda chimene umagwiramo ntchito. Kenaka pamabwera mafunso khumi ndi awiri, ndipo pansi pa funso lililonse pali nkhope zisanu, kuyambira yolira mpaka yoseka mano onse pamtunda. Akuti dzina salemba.

Lachisanu titachoka ku mzikiti, amuna achikulire a kwathu anasonkhana pakhonde la nyumba yomwe timagona, tonse makumi awiri ndi asanu. Anati, "Pak Tukiran, bambo wathu, wamkulu pano ndinu, tidine iti?" Ndinawauza zimene bambo anga akadanena: mlendo sanyoza mpunga wa mwini nyumba ngakhale uli ndi mchenga, amatafuna pang'onopang'ono nathokoza. Ndinawakumbutsanso kuti amene akuti salemba mayinawo ndi omwewo amene amasaina zilolezo zathu chaka ndi chaka.

Tek, mnyamata wa ku Nepal amene amakwecha matabwa, anamva zimenezi naseka mpaka kutsamira khoma. Anati, "Pakcik, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu mwamva m'mimba koma mukumwetulira, ndiye mudzachapa nokha." Amanditchula Pakcik, kutanthauza malume, koma ana a masiku ano alibe ulemu. Ife tonse tinadina yoseka, mafunso onse.

Mundipatsire moni kwa Lasmi, mkazi wa Sarmin, mumuuze kuti mwamuna wake akudya bwino.

Ndine mwamuna wanu,
Tukiran

Muar, 17 Malichi 2019

Amake Wulan,

Moni nonse. Ndamva kuti amayi anatentha thupi, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti adzuka. Ife kuno m'thupi tili bwino. Mumtima ndiye ayi, muli mkwiyo.

Zotsatira za mafunso aja zatuluka. Azimata pa bolodi pafupi ndi kodyera, gulu lililonse ndi mzere wake. Anyamata a konkuno, awa amene amabwera pa njinga zamoto mochedwa tsiku ndi tsiku, osangalala ndi atatu okha pa khumi. Anadandaula kutentha. Sabata isanathe anawaikira zokupizira mphepo zinayi zazikulu ndi malo otchajira mafoni. Amayi osoka makhushoni anadandaula za zimbudzi ndi za kapitawo wina wa manja oyendayenda. Zimbudzi zakonzedwa, kapitawoyo akadalipo. Mzere wa Anepali ndiye waufupi ngati mchira wa mbuzi, wofiira psuu, ndipo mabwana akhala akutsekerana m'maofesi kukambirana za iwo.

Nanga ife? "Amuna a ku Indonesia a zaka 45 kupita m'mwamba: zana pa zana." Mzere wathu wobiriwira wayenda mpaka kugunda m'mphepete mwa pepala. Anatiitana kutsogolo pa msonkhano, natipatsa keke imodzi anthu makumi awiri ndi asanu, fakitale yonse n'kutiwombera m'manja. Mpopi wa kunyumba yomwe timagona udafa mu Novembala, timasamba madzi a m'migolo, koma tapatsidwa keke. Tek anandidutsa nati, "Mwakhuta, Pakcik? Kapena muli mchenga?"

Zaka khumi ndi zinayi ndagwira ntchito m'dziko lino, ndipo ndikuganiza kuti munthu amadandaula molingana ndi kutalika kwa njira ya kwawo. Mnyamata wa konkuno akakwiya amakwera njinga yake, mphindi khumi ali kwa amayi ake akudya, mawa lake walembedwa ntchito pa fakitale ina. Mabwana amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake amamunyengerera. Ine ndikakwiya, pakati pa ine ndi inu pali nyanja, ndi pasipoti imene ili m'kabati ya bwana. Ayeza mantha athu nawatcha chimwemwe.

Koma ndikafika pa Tek maganizo angawa amatsimphina, chifukwa kwawo n'kutali kuposa kwathu, komabe iye anadina yolira. Kapena n'chifukwa alibe mwana pa sukulu. Kapena kwawo sadawaphunzitse zimene tidaphunzitsidwa ife, zoti munthu akakuponda phazi upepese ndiwe. Ndimakumbukira malemu bambo akuvula chipewa pamaso pa mwini munda amene adawabera theka la zokolola, ndipo ine ndili mwana ndinkayesa ndiwo ulemu. Mpaka mwezi wathawu ndinkayesabe choncho.

Kukumveka manong'onong'o oti anthu ena asinthidwa zipinda. Sindikudziwa zambiri.

Wulan mumuuze kuti ndamva zoti akuyenda pa njinga yamoto wopanda chisoti. Asayese kuti ndili kutali ndiye sindimva.

Mwamuna wanu,
Tukiran

Muar, 7 Epulo 2019

Amake Wulan,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino. Sarmin akudzuka ndipo akudya.

Kalatayi muwerenge muli nokha. Sarmin amupatsa ntchito ina kwa kanthawi. Amuchotsa pambali panga, iye ndi anzathu ena anayi, n'kuwapititsa kokwechera matabwa. Anepali amene anali kumeneko awasamutsira kolongedza katundu.

Ndinathamangira kwa kapitawo wamkulu, bwana Teoh, utuchi uli m'manja. Ndinati, "Bwana, mlamu wanga uja chifuwa chake sichigwirizana ndi fumbi."

Anatsegula kabati natulutsa mapepala. "Chifuwa? Pano palibe chifuwa. Funso lachisanu ndi chiwiri, kodi thanzi lanu lili bwino pa ntchito? Nonse mwaseka. Funso lachisanu ndi chinayi, kodi mpweya wa m'chipinda chanu ndi wabwino? Anzako achikulire asanu ndi mmodzi amene ali kale kokwecherako aseka onse. Anepali a m'chipinda chomwecho alira onse. Tsono tandiuza, Pak Kiran, ukanakhala iwe, ukanagula makina okoka fumbi a mtengo wa galimoto ziwiri, kapena ukanangoikamo anthu amene fumbi siliwavuta?"

Ndinati, "Ndiye ndiikeni ineyo, iye abwerere."

"Iwe? Nanga mipando ya azungu alumikiza ndani? Pita kuntchito. Ndipo seka pang'ono, utiwonongera mzere."

Mukudziwa kuti dzina la matendawo sindikanalitchula. Tidalibisa pobwera, ndipo likangolembedwa pa pepala la ku ofesi, Sarmin akwera ndege sabata yomweyo. Chimene chikundiwawa koposa n'choti iye m'gulu lathu sakanakhalamo n'komwe. Ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, inu mukudziwa bwino chifukwa mudamubereka kumsana, koma zaka ziwiri zija zimene adawonjezera ali mnyamata kuti apeze pasipoti zamuwolotsera kwa ife okalamba osangalala. Amuna a kwathu a zaka zocheperapo ambiri anadina nkhope yapakati, ndipo palibe amene wawasuntha.

Munditumizire, kudzera mwa aliyense amene akubwera kuno, mizu ija amayi ankamuwiritsira ali wamng'ono. Muwafunse amayi mochenjera, munene kuti ndi ya mnzanga. Lasmi musamuuze kaye. Ndikonza zimenezi.

Tukiran

Muar, 19 Meyi 2019

Amake Wulan,

Moni wa mwezi wosala kudya, Mulungu alandire kusala kwanu ndi kwa amayi. Mizu ija yafika, zikomo. Kalata yanu yafikanso. Mwandifunsa mafunso atatu, ndipo ndiyankha limodzi: inde, akutsokomola.

Chipinda chokwechera simungachimvetse musanalowemo. Fumbi lake n'losalala ngati ufa wa mpunga, limaima m'malere osagwa, ndipo babu likayaka limaoneka ngati mwezi wa mitambo. Amawapatsa kansalu kamodzi kophimba kumphuno pa sabata. Tsono onjezani kusala, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa wopanda dontho la madzi kukhosi. Ndinamuuza Sarmin kuti wodwala amaloledwa kumasula. Anati, "Kang, mkulu wanga, ndikamwa madzi masana ndiye kuti ndavomera kuti ndikudwala. Paja gulu lathu lilibe odwala."

Ndinapita ku ofesi kwa Cik Syahirah. Mwana uja si woipa, anandipatsa mpando. Ndinamuuza kuti nkhope zosekazo zinali zabodza, zonse.

Anati, "Nanga Pakcik, bwanji simunanene? Tinakufunsani."

Ndinati, "Mwanangu, kwathu wamkulu akakufunsa ngati wakhuta, umati ndakhuta. Akafunsanso, umati ndakhuta ndithu. Wamkulu wanzeru amakuyang'ana m'maso nafunsa kachitatu, ndipo pamenepo ndi pomwe umanena kuti chidyereni n'dzulo. Chifoni chanu chija chinafunsa kamodzi."

Kenaka anati manambala adatumizidwa kale kwa azungu, sangasinthidwe, ndipo mafunso ena adzabwera chaka chamawa. Anati dandaulo la munthu mmodzi silingagwetse mzere wa gulu, koma nditabweretsa kalata yosainidwa ndi oposa theka la gulu lathu, angainyamule kupita nayo kumwamba.

Ndinalemba kalatayo. Ndinayenda nayo bedi ndi bedi sabata yathunthu. Asaina anthu anayi, kuwerengera ine ndi Sarmin. Pak Darmo, amene wakwecha matabwa zaka zisanu ndi zinayi ndipo mawu ake adasasa kale, anandibwezera cholembera nati, "Kiran, pamene panalibe mayina udati tiseke. Lero ukuti tilire, mayina athu ali pansi pake? Ndili ndi ana atatu. Ukadatilola kulira pamene kulira kunali kwaulere."

Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Anga agonera, asasa.

Masiku ano ndimakumbukira kwambiri mphepo ya kudambo kwathu nthawi yomwe mpunga wangoyamba kubereka, mmene tinkakhalira pa mzere wa munda ine ndi inu tisanakwatirane, osalankhula, kungopuma. Sindinkadziwa kuti mpweya ndi chinthu chimene munthu angagawiridwe molingana ndi gulu lake.

Zovala za Idi mugule za amayi ndi za Wulan. Ine musandiganizire.

Mwamuna wanu,
Tukiran

Muar, 16 Juni 2019

Amake Wulan,

Ndikupempha chikhululuko cha Idi kwa inu ndi kwa amayi, pa zoonekera ndi zobisika. Chaka chino mawu amenewa sindikungowanena mwamwambo. Ine ndili bwino. Sarmin anagona masiku awiri sabata yatha, tinanena kuti ndi m'mimba.

Lachitatu kunabwera azungu aja, mayi wa imvi ndi bambo wamtali, kudzaona ndi maso awo fakitale ya anthu osangalala. Masiku awiri asanafike, chipinda chokwechera chinatsukidwa mpaka kudenga. M'mawa wa tsikulo okwecha onse anapatsidwa zophimba kumphuno zenizeni, zamphira, za timabotolo m'mbali. Makina theka anazimitsidwa.

Ine bwana Teoh anandiitana dzulo lake. Anati, "Pak Kiran, akufuna kulankhula ndi mkulu wa gulu la zana pa zana. Ukalankhula bwino, mlamu wako abwerera pambali pako mwezi uno usanathe. Ndalonjeza." Anandipatsa malaya achikasu ojambulidwa nkhope yoseka pachifuwa. Munthu wa zaka makumi asanu ndi chimodzi, wa mwana woti akwatiwa posachedwa, kuvekedwa ngati chidole cha pa sitolo!

Komabe ndinali nditakonza mawu anga. Chimvereni kuti alendo akubwera, sabata yonse ndinkawabwereza mumtima pogwira ntchito: fumbi, mayi, fumbi likutipha, zimene mukuonazi ndi za lero lokha. Ndinati ndikanena pamaso pa azungu palibe amene angandigwire pakamwa.

Anandiimika pakati pa bwalo, Cik Syahirah akumasulira. Mayi wa imviyo anandigwira chanza, nandifunsa za ana anga, za zaka zimene ndakhala kuno. Anali ndi nkhope yabwino. Kenaka anati, "Kodi pali chimene mungafune kuti chisinthe?"

Bwana Teoh anali kumbuyo kwake, akundiyang'ana. Lonjezo lake linali m'khutu langa. Ndinamva pakamwa panga pakunena pokha, "Palibe, mayi. Tikuthokoza."

Anapendeketsa mutu. "Zoona? Ngakhale kanthu kakang'ono?"

"Palibe ndithu, mayi."

Ndipo ndinapuma mpweya, mawu aja ali pa lilime, kudikira kuti afunse kachitatu. Amake Wulan, ndinadikiradi! Ine yemwe ndidafotokozera mwana wa ku ofesi kuti anthu awa safunsa katatu, ndinaima pamenepo ngati mbuzi yomangidwa, kudikira. Mayiyo anamwetulira, nalemba m'kabuku kake, napita kukaona zimbudzi zatsopano za amayi osoka. Cik Syahirah anayang'ana pansi. Iye anadziwa chimene ndinkadikira, ndipo sananene kanthu. Nayenso ali ndi ntchito yoti aisunge.

Galimoto ya alendo isanatuluke pa geti, zophimba zamphira zija zinali zitayamba kale kutoleredwa m'katoni.

Dzulo ndinapita kukakumbutsa lonjezo. Bwana Teoh anandisisita paphewa. "Mawu ako agwira ntchito, Pak Kiran! Azungu akondwa, awonjezera mipando zikwi zinayi. Tsono mipando zikwi zinayi ikwechedwa ndi ndani? Ino si nthawi yochotsa munthu kumeneko. Tidzaona ikatha."

Malaya achikasu aja ndikupukutira guluu. Chithunzi changa achimata pakhomo la fakitale, ndipo m'mawa uliwonse ndimadutsa pansi pa mano anga omwe.

Tukiran

Muar, 21 Julayi 2019

Amake Wulan,

Moni. Khalani pansi musanapitirize.

Mwezi uno inali nthawi yoti Sarmin akayezedwe kuchipatala, monga timachitira chaka chilichonse kuti chilolezo chiwonjezedwe. Anamuunika pachifuwa. Zotsatira sizibwera kwa wodwala, zimapita ku ofesi, ndipo ndi mawu awiri okha: sali woyenera. Sananene chimene aona, sanamupatse mankhwala. Chilolezo chake chatha. Akwera ndege pa 2 Ogasiti, afika ku Yogyakarta masana.

Ndinalowa mu ofesi osagogoda. Ndinalankhula zimene ndinayenera kulankhula mu Febuluwale ndi mu Juni, zonse, mokweza, mpaka alonda anabwera. Bwana Teoh sanakwiye n'komwe. Anati, "Matenda a m'chifuwa anthu amabwera nawo kuchokera kwawo. Ndani angatsimikize kuti ndi fumbi lathu? Mwini wake adadina kuti mpweya ndi wabwino." Cik Syahirah ananditsatira panja misozi ili m'maso, nati chaka chamawa adzapempha kuti mafunso azifunsidwa mwanjira ina. Ndinamuuza kuti chaka chamawa akafunse chifuwa cha mlamu wanga.

Sarmin yekha ndiye akuseka. Akuti, "Kang, mukulirira chiyani? Ndikukaona Lasmi pa ndege ya kampani. Ndipo taonani ubwino wake, wodwala yekhayo wachoka, mzere wanu ukhalabe wobiriwira." Akamaseka chifuwa chimalira ngati chitseko chakale, ndiye ndimatuluka panja.

Mverani tsono. Mukamuchingamire inu ndi Lasmi, musatume wina, ndipo mupeze galimoto, asakwere basi ya utsi. Musapite naye kunyumba kaye, mupite naye kuchipatala chachikulu akamuunikenso, adokotala akuuzeni dzina la matendawo pamaso panu. Mbuzi ija tsopano mutha kuigulitsa. Nthawi yopuntha mpunga asayandikire, ngakhale akakamire bwanji, mukumudziwa mmene alili. Asagone m'chipinda choyandikana ndi khitchini.

Pali china chimene iye sadzakuuzani, chifukwa amandilemekeza. Ndikuuzani ndekha. Tsiku la mafunso lija ndinali kumbuyo kwake pa mzere. Atafika pa funso la thanzi, ndinaona chala chake chikupita pa nkhope yapakati, ija yosaseka yosalira. Ndinamugwira chigongono ndi kumunong'oneza kuti, "Min, usatichititse manyazi." Anandiyang'ana, nasuntha chalacho. Sindikudziwa ngati nkhope imodzi yapakati ikadasintha kanthu. Chimene ndikudziwa n'choti iye anafuna kunena zoona, ndipo amene adamuletsa ndi munthu yemwe adalonjeza mlongo wake kuti adzamusamala.

Ndakwiyira bwana Teoh, ndakwiyira azungu ndi kabuku kawo, ndakwiyira amene adaganiza kuti anthu angaunjikidwe m'magulu ngati matabwa, awa olimba apite kunja, awa ofewa asungidwe pamthunzi. Koma mkwiyo wonsewo ukazungulira umabwerera pa chigongono chija.

Tukiran

Muar, 11 Ogasiti 2019

Amake Wulan,

Ndikhulupirira muli bwino. Wulan ndiye wandiuza kuti Sarmin anafika, kuti adokotala amugoneka masiku anayi, ndipo tsopano ali kunyumba ndi mankhwala opopera m'kamwa. Akuti ntchito yolemetsa sadzagwiranso. Foni yanu ndaimba kasanu ndi kawiri, simunayankhe. Sindikudandaula. Muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo chete wanuyo ndi woona kuposa mawu onse amene ine ndalankhula chaka chino.

Bedi la pansi pa langa likadali lopanda munthu. Anasiya sopo ndi nsapato zake zantchito, akuti ndipatse amene zimukwane.

Lachinayi bwana Teoh anandiitana. Pa tebulo lake panali pepala la mayina a gulu lathu, onse amene sali kale kokwechera. Anati, "Tebulo la mlamu wako laima sabata yathunthu, mipando ikuunjikana. Pakufunika munthu Lolemba. Lamulo ndi lomwe lija, achokere m'gulu lanu. Iwe ndiwe mkulu wawo, ukuwadziwa. Sankha mmodzi."

Ndinagwira pepalalo. Mayina khumi ndi anayi. Palibe dzina limene sindidziwa nyumba yake. Uyu mkazi wake ali ndi matenda a shuga. Uyu akumanga nyumba imene yaima pa mawindo zaka zinayi. Uyu ndidamuperekeza ine kukafunsira. Onsewa adandifunsa pakhonde kuti adine iti, ndipo adandimvera.

Ndinati, "Bwana, gulani makina okoka fumbi."

Anati, "Ndakuitanira dzina."

Ndinalemba chizindikiro pa dzina langa n'kumubwezera.

"Usachite zachibwana, Pak Kiran. Ndidakuuza kale, mipando alumikiza ndani?"

"Phunzitsani anyamata a zokupizira mphepo aja. Dzina lina kwa ine simulipeza. Mukafuna wina, lozani nokha ndi chala chanu, mukamuuze nokha pamaso."

Ndikuganiza kuti ankawerenga mumtima kuti chovuta n'chiti, kutaya manja anga kapena kukaima yekha pamaso pa mwamuna mnzake, aliyense akudziwa chimene chachitikira Sarmin. Anthu awa amakonda kuti pepala liziwalankhulira. Pomaliza anati malipiro a luso andichotsera. Ndinati achotse.

Potuluka ndinakumana ndi Tek akukankha katundu. Anali atamva kale, nkhani kuno siigona. Sanaseke. Anapita ku kabati yake natulutsa chophimba champhira chimodzi, mwa zija za tsiku la alendo, chimene mnzake adachibisa m'malaya osachibweza. Anati, "Timabotolo take timatha pa miyezi iwiri, Pakcik. Mukagule tina m'tauni, musaumire." Ndinamuthokoza, ndipo kanali koyamba chaka chino kuthokoza munthu mochokera pansi pa mtima.

Musaganize kuti ndikudziyesa ngwazi. Sizichiritsa mlongo wanu, sizibweretsa makina. Ndangolephera kutchula dzina la mwamuna wina, basi. Zimene ndizitumiza zichepa pang'ono kuyambira mwezi wamawa. Theka lake muzipereka kwa Lasmi, ndipo musamuuze kuti zachokera kwa ine ngati mukuona kuti azikana.

Lolemba ndiyamba pa tebulo lake. Sarmin musamuuze.

Ndine mwamuna wanu, ngati mukundilolabe,
Tukiran